Mmene mungadziwire mabatani achidule a pulogalamu yolembera

Mabatani achidule ndi mabatani awiri kapena atatu amene mumadina limodzi pa kiyibodi kuti muchite chinthu popanda kugwira mausi. Amasiyana malinga ndi pulogalamu, moti Ctrl+G, amene mu pulogalamu ya Notepad++ amakufikitsani pamzere umene mukufuna, mu pulogalamu ya nano amatsegula tsamba la thandizo. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsa pulogalamu yomwe mukugwiritsa ntchitoyo m'malo modalira mndandanda umene wina analemba.

Yambani ndi menyu. Mukatsegula File kapena Edit, kumanja kwa lamulo lililonse limene lili ndi mabatani achidule kumalembedwa mabatani akewo, monga Ctrl+S pambali pa Save. Komabe menyu imangoonetsa ochepa, choncho pamafunika mndandanda wathunthu.

Mu Visual Studio Code, dinani Ctrl+K kenako Ctrl+S, ndipo padzatuluka tebulo la malamulo onse pamodzi ndi mabatani awo. Pamwamba pake pali malo ofufuzira, pomwe mungalembe dzina la lamulo, kapenanso kusankha Record Keys n'kudina mabatani enieniwo kuti muone ntchito yawo. Njira yachiwiriyi imathandiza kwambiri pamene mwadina china mwangozi ndipo simukudziwa chimene chachitika. Pa makompyuta a Mac, batani la Cmd ndi limene nthawi zambiri limalowa m'malo mwa Ctrl.

Mu Notepad++ pitani ku Settings n'kusankha Shortcut Mapper. Mu nano mabatani ofunika amaoneka m'mizere iwiri ya pansi, koma ambiri amasokonezeka ndi zizindikiro zake: chizindikiro cha ^ chimaimira Ctrl, pamene M- amaimira Alt.

Vim ndi Emacs, zomwe zinapangidwa kuti munthu asachotse manja pa kiyibodi, zimayankha mwatsatanetsatane. Mu Vim, lamulo la :help index limaonetsa malamulo onse amene pulogalamuyi imabwera nawo, ndipo :map limaonetsa okhawo amene inuyo kapena mapulagini (timapulogalamu towonjezera pa pulogalamuyi) munawonjezera. Mu Emacs, kudina Ctrl+h kenako b kumatulutsa mndandanda wonse wa mabatani amene akugwira ntchito pa nthawiyo, pamene Ctrl+h kenako k kumafotokoza batani limodzi lokha limene mwadina.

Musayese kuloweza zonse. Sankhani ntchito ziwiri kapena zitatu zimene mumabwereza tsiku lililonse, mupeze mabatani ake, ndipo ngati ena akugundana ndi a pulogalamu ina, muwasinthire mu tebulo la mabatani, monga lija la Visual Studio Code kapena Shortcut Mapper.