Banja latha ku Joni koma za ana mukukanganabe? Yambirani kwa Family Advocate

Kwathu zikavuta timathamangira kwa ankhoswe, koma kuno ku South Africa ankhoswe ali kutali ndipo zomwe anena pa foni khoti silizidziwa. Nde pali ofesi ya boma yotchedwa Family Advocate, simulipira kalikonse, ilipo ku Johannesburg, Pretoria, Durban, Cape Town ndi kwina. Khoti likhoza kuwalamula kuti afufuze nkhani yanu, komanso mutha kupitako nokha kukapempha kuti akukhazikeni pansi.

Musanapite mudziwiretu kuti Family Advocate ameneyu si loya wanu, komanso si wa mnzanuyo, iye maso ake ali pa mwana basi. Ambiri amagwa pomwepa, amafika ndi mkwiyo wonse kufotokoza mmene bambo a mwana ankachezera kunja kapena chipongwe cha mayi a mwana, ola lonse latha za sukulu ya mwana sanatchule nkomwe. Pitani ndi satifiketi yobadwira ya mwana, ma report a kusukulu, khadi la kukiliniki, mapepala a khoti ngati alipo, ndipo mulemberetu papepala zomwe mukufuna: mwana azigona kuti mkati mwa sabata, wikendi iti ndi ya ndani, holide ya Disembala muzigawana bwanji. Mwana ngati ndi wamkuluko amacheza nayenso payekha, chonde musamuphunzitse zokanena, anthu aja ndi ntchito yawo, amazindikira msanga ndipo zimakutembenukirani.

Mukagwirizana amalemba parenting plan, lomwe ndi pangano la mmene muzilerera mwana, potsatira Children's Act ya 2005, muilembetse ku ofesi komweko kapena khoti liidinde ikhale chigamulo. Mukakanika amalembera khoti lipoti la maganizo awo, wogamula amakhala khoti, ngakhale zoona zake lipoti limeneli limamvedwa kwambiri.

Za ulendo wa kumudzi musaiwale kuzilowetsa mu plan. Ngati nonse muli ndi udindo wa guardian, kutanthauza woyimira mwana mwalamulo, mwana sangatuluke dziko kapena kutenga pasipoti popanda chilolezo cha winayo, nde ndi bwino zilembedweretu kusiyana nkumapemphana basi itatsala pang'ono kunyamuka.

Ndalama zolerera mwana zili ndi khomo lake, maintenance court ku khoti la majisitireti, nakonso sikufuna loya. Tengani ma payslip, bank statement ya miyezi itatu, malisiti a fizi, renti, chakudya, thiransipoti. Maintenance officer amayamba wayesa kukugwirizanitsani, zikakanika mpamene mumalowa kwa majisitireti, ndipo wina akamazemba kulipira atha kumamudula kumalipiro. Koma kukaniza mnzanu kuona mwana chifukwa sanapereke ndalama ayi, lamulo limaziona ngati nkhani ziwiri zosiyana.

Kwa amene chigamulo chilipo kale koma sabata iliyonse ndi ndewu ya nthawi yobweza mwana, khoti litha kuika parenting coordinator, nthawi zambiri amakhala loya, psychologist kapena social worker. Uyu ndi wolipira, mufunsiretu kuti pa ola ndi zingati ndipo muzigawana motani. Amagamula tinkhani ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku, koma kusintha komwe mwana amakhala si mphamvu yake, zimenezo mubwerere nazo kukhoti.