Kayezedwe ka BP pa OPD: zimene ndimachita ndisanayambitse munthu mankhwala

Ndikulembera anzanga amene mwangotumizidwa kumene ku zipatala zing'onozing'ono za kumudzi: ma medical assistant, anamwino, ngakhalenso alangizi a zaumoyo amene mumanyamula makina a BP popita ku sikelo ya m'midzi. Ine ndine clinical officer, ndipo tsiku langa lonse limathera pa OPD, pamene timaonera odwala osagonekedwa. Chimene ndikufuna mugwire n'chakuti nambala imodzi ya pamakina si matenda. Timayeza bwino, timabwereza tsiku lina, kenako timayang'ana mwiniwakeyo, zaka zake, fodya wake, thupi lake, tisanalembe m'buku lake la kuchipatala kuti ali ndi BP. Mawu amenewo akangolembedwa amamutsata munthu kulikonse, ndipo dokotala wina akadzawaona sadzafunsanso kuti munayeza motani.

Tiyeze ndani? Wamkulu aliyense amene walowa pakhomo. Wabwera ndi chifuwa, wadzatsukitsa bala, wadzatenga ma ARV, waperekeza mdzukulu, onsewa apinde malaya. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwowa sankadziwa. Anthu athu amati BP ikakwera mutu umawawa kapena mtima umagunda kwambiri. Ambiri samva kanthu kalikonse mpaka tsiku limene mkono ndi mwendo zafooka, pakamwa papotoka. Amene wadutsa zaka 40 ayezedwe chaka ndi chaka. Wachinyamata amene BP yake ili bwino ndipo alibe vuto lina angathe kudikira zaka zitatu mpaka zisanu.

Sikuti chilichonse chimene tingayeze n'choyenera kuyeza kwa munthu wosadwala. Mu 1968 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mfundo za Wilson ndi Jungner, zimene mpaka pano timayendera: matendawo akhale ovutitsadi anthu, kuyeza kwake kukhale kosavuta, ndipo ukawapeza ukhale ndi chochita nawo. BP imakwanira zonsezi. Koma akakufunsani achibale a kutauni za "kuyezetsa thupi lonse" pomwe sakumva chilichonse, dziwani kuti a bungwe lounika makafukufuku a zaumoyo la Cochrane atasonkhanitsa makafukufuku a nkhaniyi mu 2019 sanapeze kuti kuyeza kwachisawawa koteroko kumachepetsa imfa. Ndalamayo bola agulire mankhwala a agogo awo.

Kuyeza kwenikweniko

Apa ndi pamene zambiri zimalakwika, ndiye ndichedwapo. Taganizirani mayi amene wayenda kuchokera kuseri kwa phiri, mwana kumsana, dzuwa lili pamutu, wafola pamzere ataima, kenako n'kumuveka lamba nthawi yomweyo wangokhala pansi. Nambala imene ituluke ndi ya ulendowo. Mukhazikeni pampando woyedzamira kwa mphindi 5 osachita kanthu. Ine ndimaitana wotsatira pamzere kuti akhale pabenchi la m'kati pamene ndikumaliza ndi amene ndili naye, motero mphindi zija zimakwana zokha popanda mzere kuima.

Mufunseni ngati wasuta fodya, wamwa khofi kapena tiyi wamphamvu, kapena wathamanga m'mphindi 30 zapitazo. Mufunseninso ngati ali ndi mkodzo. Funso limeneli anthu akuluakulu amachita nalo manyazi, koma ndimangonena kuti, "Bambo, ngati mukufuna kukataya madzi, pitani kaye, malo anu ndikusungirani." Chikhodzodzo chodzadza chimakweza nambala.

Mapazi onse awiri aponde pansi, miyendo isapingasane, msana utsamire. Mkono ugone patebulo, pakati pa lamba pakhale molingana ndi mtima. Ofufuza a ku Johns Hopkins ku America anaonetsa mu 2024 kuti mkono ukagona pamiyendo nambala ya pamwamba (yoyamba mwa nambala ziwiri za BP) imakwera ndi pafupifupi 4, ukangolendewera m'mbali imakwera ndi 6 kapena 7. Zikuoneka zochepa, koma munthu wa 135 mwamufikitsa kale pa 141 chifukwa chosowa tebulo. Lamba akhudze khungu, osati pamwamba pa juzi, ndipo m'mphepete mwake mwa m'munsi mukhale zala ziwiri pamwamba pa chigongono. Ngati malaya akuthina akapindidwa, avule mkono umodziwo.

Kukula kwa lamba ndi nkhani ina. Zipatala zambiri zili ndi lamba mmodzi yekha wa saizi ya pakati, ndipo timamukokera pamkono uliwonse. Pa munthu wa mkono waukulu kwambiri, lamba wothina angawonjeze pafupifupi 20 pa nambala ya pamwamba. Malamba ambiri ali ndi mizere yosonyeza ngati mkono wakwana; yang'anani mizereyo. Ngati mulibe lamba wamkulu, lembani m'buku kuti lamba anali wochepa, ndipo pemphani wamkulu mukamalemba zosowa za pachipatala.

Makina akamapopa, nonse awiri khalani chete. Ife omwe ndi amene timayambitsa macheza, "Kunyumba kuli bwanji? Mvula yagwa kwanuko?", munthu n'kumayankha lamba ali pamkono. Moni apatsidwe poyamba, mafunso abwere pambuyo. Yezani kawiri, kusiyanitsa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo gwiritsani ntchito nambala yachiwiri, chifukwa yoyamba kawirikawiri imakhala ya mantha. Pa ulendo woyamba yezani mikono yonse iwiri. Umene wapereka nambala yokwera ndi umene muziyeza mtsogolo, ndipo lembani kuti ndi wamanja kapena wamanzere. Lembani nambala monga yatulukira. Mukatsegula kaundula n'kupeza 140/90, 130/80, 150/90 tsamba lonse, dziwani kuti wina akuzungulitsa manambala, ndipo 136 wasanduka 140.

Amene mukugwiritsa ntchito makina opopa ndi dzanja, tsitsani mpweya pang'onopang'ono, 2 kapena 3 pa sekondi. Ndipo aliyense, gwirani mtsempha wa padzanja kwa kanthawi. Mtima ukamagunda modumphadumpha makina a batire amasokonezeka, komanso kugunda koteroko pakokha kungabweretse sitiroko, ndiye munthuyo akufunika ECG, kuyeza kagundidwe ka mtima ndi makina, ku chipatala cha boma.

Nambala yatuluka, tsopano bwanji?

Malire ndi 140 pamwamba kapena 90 pansi. Imodzi yokha ikafika pamenepo yakwana. Koma matenda timawatsimikiza nambala ikakhala yokwera pa masiku awiri osiyana. Munthu wa 152/94 amene sakumva kanthu ndimamuuza kuti, "Amayi, lero BP yanu yakwerako, koma sindinanene kuti mukudwala. Mubwerenso sabata ya mawa m'mawa tidzaonenso." Tsikulo ndimalemba m'buku, ndipo ngati akuchokera kutali ndimapempha mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo kuti akawayezere komweko. Pali anthu amene BP yawo imakwera akangoona yunifolomu yoyera, kunyumba ili bwinobwino. Wina amayezedwa ali ndi malungo, dzino likumuwawa, kapena atangochoka pamaliro. Funsaninso za mankhwala a m'golosale: ibuprofen ndi diclofenac, amene anthu amamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana ndi mawondo, amakweza BP. Mapilitsi olera a mahomoni awiri aja nawonso amatero, ndipo mayi wa BP yokwera ayenera kukambirana ndi a kulera za njira ina.

Pali anthu amene sitiwauza kuti abwerenso sabata ya mawa. Nambala ikafika 180/110, mupumitseni, bwerezani, ndipo ikakhalabe pomwepo chitanipo kanthu tsiku lomwelo. Ngati pamwamba pake akumva mutu woopsa, sakuona bwino, pachifuwa pakuwawa, akubanika, wasokonezeka kapena mbali imodzi yafooka, itanani ambulansi. Musamuike mankhwala a BP a nifedipine pansi pa lilime kuti nambala itsike msanga. Kale zinkachitika, koma BP ikagwa mwadzidzidzi ubongo umaperewera magazi, makamaka kwa amene sitiroko yayamba kale.

Mayi woyembekezera ndi nkhani yakeyake. Mimba ikadutsa masabata 20 ndipo BP yafika 140/90, yezani mkodzo kuona ngati muli puloteni, ndipo ganizirani za pre-eclampsia, matenda oopsa a BP a amayi oyembekezera, mpaka mutatsimikiza kuti si imeneyo. Mankhwala a BP a enalapril saperekedwa kwa woyembekezera. Mtsikana aliyense wa msinkhu wobereka ndimamufunsa tsiku limene anasamba komaliza ndisanalembe mankhwala amenewa. Mnyamata kapena mtsikana wosafika zaka 30 amene BP yake yatsimikizika kuti ndi yokwera mutumizeni ku chipatala chachikulu, pangakhale vuto la impso kapena china chimene chikuyambitsa.

Kuona munthu yense

Anthu awiri angakhale ndi 150 onse, koma tsogolo lawo n'losiyana. Wina ndi mayi wa zaka 42 wosasuta, wina ndi bambo wa zaka 66 amene wakhala akusuta chingambwe kuyambira ali mnyamata. Kuti tisamangoganizira, WHO inatulutsa matchati atsopano mu 2019 a zigawo 21 za dziko lapansi, osonyeza mpata woti munthu adwale sitiroko kapena matenda a mtima m'zaka 10 zikubwerazi. Malawi, Zambia ndi Mozambique ali m'chigawo cha kum'mawa kwa Africa. Anzathu ogwira ntchito ku Zimbabwe ndi South Africa atenge tchati cha kumwera. Onetsetsani kuti chimene chamatidwa pakhoma ndi cha chigawo chanu.

Matchatiwa ndi a anthu a zaka 40 mpaka 74, ndipo alipo a mitundu iwiri. Wina umafuna kolesitolo (mafuta a m'magazi) ndi shuga. Winawo, umene ife a kumudzi timadalira, sufuna labu: umangofuna zaka, mwamuna kapena mkazi, amasuta kapena ayi, nambala ya pamwamba ya BP, ndi BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. BMI mumaipeza pogawa kulemera ndi msinkhu kawiri. Mayi wa makilogalamu 80 wotalika mamita 1.6, gawani 80 ndi 1.6, yankholo gawaninso ndi 1.6, mupeza 31. Mukatsata mzere mumagwera m'kabokosi ka mtundu wake: kobiriwira ndi pansi pa 5 peresenti, kachikasu 5 mpaka 10, ka olenji 10 mpaka 20, kofiira 20 mpaka 30, kofiira kwambiri 30 kupita m'mwamba. Wa 20 peresenti kupita m'mwamba ndi woyenera kumugwira mwamphamvu, kuphatikizapo mankhwala otsitsa mafuta m'magazi ngati alipo.

Ine tchati ndimachitembenuzira kwa wodwalayo kuti aone yekha. Ndimaloza kabokosi kake, kenako ndimasuntha chala kupita mbali ya osasuta, mtundu n'kusintha iye akuona. Bambo amene wamva kambirimbiri kuti fodya ndi woipa amakhala kaye chete akaona zimenezi, kenako amafunsa kuti angasiye bwanji.

Tchati chili ndi malire ake. Amene anadwalapo kale sitiroko kapena mtima safunika tchati, ali kale pa chiopsezo chachikulu. Sichifunsa za HIV, za matenda a impso, kapena ngati bambo ake a munthuyo anagwa ndi sitiroko ali ndi zaka 50. Zimenezi muwonjeze nokha m'mutu. Ndiponso musachedwetse mankhwala chifukwa tchati chasowa kapena sikelo yafa. Malangizo a WHO a 2021 amanena momveka kuti BP ikatsimikizika pa 140/90 mankhwala ayambe, ndipo kuyeza za ku labu kapena kuwerengera chiopsezo kusakhale chotchinga. Kwa amene ali kale ndi matenda a mtima, shuga kapena impso, malangizo omwewo amatsitsa poyambira kufika pa 130.

Ngati timapepala toyezera tilipo, aliyense amene BP yatsimikizika ndimamuyeza shuga ndi mkodzo. Shuga wa m'mawa munthu asanadye akafika 7.0 mmol/L, kapena 126 pa makina owerenga mu mg/dL, ndi wokwera, koma kwa amene alibe zizindikiro bwerezaninso tsiku lina monga tachitira ndi BP. Onani kaye kuti makina anu amawerenga m'njira iti, poti onse awiri amapezeka m'zipatala zathu.

Za mankhwala sinditalikitsa, tsatirani buku la malangizo a Unduna wa Zaumoyo. Magulu oyambira ndi atatu: a HCTZ, a amlodipine, ndi a enalapril. Kafukufuku wa CREOLE wa 2019, amene anachitika m'maiko 6 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique, anapeza kuti kuphatikiza mankhwala awiri kumene kuli amlodipine kunatsitsa BP bwino kuposa kuphatikiza perindopril (wa gulu la enalapril) ndi HCTZ. Choncho amlodipine akakhalapo m'famase sindimusiya. Muchenjezeni munthu kuti amlodipine angatupitse akakolo, enalapril angabweretse chifuwa chouma, HCTZ angamukodzetse pafupipafupi masiku oyamba, kuti zikachitika abwere kwa inu m'malo mongosiya. Aspirin musamangopereka kwa aliyense wa BP. Kwa amene sanadwalepo sitiroko kapena mtima, ngozi yotaya magazi m'mimba imadya phindu lake.

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma, timabokosi tokometsera ndiwo ndi tchipisi cha pachiwaya. Uzani amene amaphika pakhomopo, osati wodwala yekha.

Akayamba mankhwala abwere mwezi ndi mwezi mpaka nambala itatsika pansi pa 140/90, kenako pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Pa ulendo uliwonse muuzeni abwere ndi timapepala ta mankhwala, ngakhale totha, ndipo musanawonjeze mlingo funsani kuti wamwa liti komaliza. Ambiri amene BP yawo "yakana kutsika" amakhala kuti mankhwala anawathera masabata awiri apitawo, kapena anasiya atamva kuti nambala ili bwino.