Mmene mungatsatire mbiri ya mpikisano wa Pikes Peak pa foni, mwa diso la makaniko

Ku galaja kwathu ku Ndirande magetsi akathima ntchito yowotcherera imaima. Nthawi imeneyo ndimaitana anyamata amene ndikuwaphunzitsa umakaniko, timakhala pa matayala akutha, n'kumaonera pa foni magalimoto akukwera phiri la Pikes Peak ku Colorado, m'dziko la America. Ndaona kuti mnyamata akayambira pa kanema wa posachedwa amangogwira pakamwa ndi liwiro, osatolapo kanthu. Mpikisano umenewu unayamba mu 1916, ndipo kuti muumvetse muyenera kuutsata kuchokera kumayambiriro, pepala ndi cholembera zili m'manja.

Musanatsegule kanema aliyense, lembani manambala awa pamwamba pa pepala. Msewu ndi wa makilomita 19.99, pafupifupi ngati kuchoka m'tauni kukafika ku Lunzu. Uli ndi makona 156. Poyambira ndi pa mamita 2,862 kuchokera pomwe pamalekezera nyanja yamchere, pomalizira pa mamita 4,302. Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, ili pa mamita 3,002. Ndiye kuti anthuwa amanyamukira pamalo otsala pang'ono kufanana ndi Sapitwa, kenako n'kukweranso mamita 1,440. Dziwaninso kuti sanyamuka chigulu. Galimoto imanyamuka imodziimodzi, ndipo amene dalaivala akulimbana naye ndi wotchi.

Yambani ndi zithunzi zakale zopanda mtundu. Spencer Penrose, mkulu wina amene analemera ndi migodi, anakulitsa kanjira ka ngolo kopita pansonga, ndipo anakonza mpikisano pofuna kukopa alendo kuti azibwera kudzaona msewu wakewo. Amene anapambana chaka choyambacho ndi Rea Lentz, pa mphindi 20 ndi masekondi 55.6. Lembani nthawi imeneyo. Zaka zotsatira mudzakumana kwambiri ndi dzina la Unser: Louis Unser anapambana kasanu n'kanayi, ndipo mwana wa mchimwene wake, Bobby Unser, anamuposa. Apa musachedwepo, ingoyang'anani matayala opyapyala aja ndi msewu wadothi wopanda chotchinga chilichonse kumbali ya phompho.

Pofunika kukhazikika mtima pansi ndi m'zaka za m'ma 1980, pamene magalimoto a rally a ku Ulaya, okoka ndi matayala onse anayi komanso okhala ndi turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini), anafika paphiripo. Mu 1985 mayi wa ku France, Michèle Mouton, anapambana pa Audi Sport Quattro n'kuphwanya rekodi ndi nthawi ya 11:25.39. Mu 1987 Walter Röhrl, nayenso pa Audi, anakhala woyamba kutsika pansi pa mphindi 11. Chaka chotsatira Ari Vatanen wa ku Finland anamulanda rekodiyo pa Peugeot 405 T16, kusiyana kwake kosakwana sekondi imodzi. Kanema wa Vatanen ndi amene ndimamukonda kuposa onse, ndipo ndimauza anyamata kuti timuonere katatu. Ulendo woyamba onerani momwe mukufunira. Wachiwiri yang'anani manja ndi mapazi okha: mudzaona akukhotetsa chiwongolero kona isanafike kuti kumbuyo kwa galimoto kuterereke, ndipo pena pake dzuwa likamuthobwa m'maso amaphimba nkhope ndi dzanja limodzi, linalo likuwongolera, tayala lili m'mphepete mwenimweni mwa phompho. Wachitatu tembenuzani foni, mumvetsere injini yokha. Muwerenge kangati akusintha giya, ndipo mumve kaphokoso ka turbo akachotsa phazi pa mafuta. Khutu la makaniko limaphunzira pamenepo.

Tsopano jambulani mzere wokhuthala pakati pa pepala lanu, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasochera. Bungwe loteteza chilengedwe la Sierra Club linatengera nkhani ya msewuwu kukhoti, ponena kuti miyala ndi dothi zokokoloka zikuwononga mitsinje ndi nkhalango za m'munsi. Zotsatira zake, kuyambira 2002 anayamba kuthira tala pang'onopang'ono, n'kumaliza mu 2011. Nthawi za pamwamba pa mzere ndi za pansi pake musaziike pa sikelo imodzi. Rod Millen anakwera pa 10:04.06 mu 1994 pa Toyota Celica, msewu wonse uli fumbi, ndipo rekodiyo inakhala zaka 13 osagwedezeka. Nobuhiro Tajima wa ku Japan anatsika pansi pa mphindi 10 mu 2011 pa Suzuki, mbali yaikulu ili kale ndi tala. Mu 2013 Sébastien Loeb anachita 8:13.878 pa Peugeot 208 T16, tala yekhayekha. Mnyamata wina anandiuza kuti ndiye kuti Loeb anaposa Millen ndi pafupifupi mphindi ziwiri. Ndinamufunsa ngati minibasi ya pa Masauko Chipembere Highway angaifanizire ndi yodutsa m'tinjira ta matope ta m'dzinja. Kwa ine ulendo wa Millen ndi wolemera kuposa yonse, ndipo sindisintha maganizo pamenepo.

Chachiwiri chofunika kuchisunga m'mutu ndi mpweya, ndipo ichi ndicho chimandichititsa kuonetsa makanemawa pa galaja. Injini ya petulo imapuma. Mukamakwera, mpweya umapepuka, okosijeni wolowa mu silinda amachepa, ndipo injini yopanda turbo imafika pansonga itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Pa magalimoto akale a kabureta, mafuta ankachuluka kuposa mpweya pamene akukwera, choncho makaniko ankayenera kusankha jeti (kabowo kolowetsa mafuta mu kabureta) yoti igwire bwino pansi kapena pamwamba, poti zonse ziwiri sizikanatheka. Mpweya wopepukawo suziziritsanso bwino radiyeta ndi mabuleki, ndipo madzi amawira msanga. Amene munakwerapo chitunda cha ku Chikwawa kuchokera pa Thabwa muli pa lole yodzaza katundu mukudziwa mmene geji ya kutentha imakwerera, chonsecho Blantyre ili pa mamita ongopitirira pang'ono 1,000. Mukamvetsa zimenezi, mapiko akuluakulu amene mudzaone pa magalimoto a paphiripo sadzakudabwitsani: mpweya ukachepa pamafunika phiko lalikulu kuti likanikizire matayala pansi. Simudzadabwanso kuti rekodi ya 7:57.148, imene Romain Dumas anaika mu 2018, inabwera ndi Volkswagen I.D. R yoyendera magetsi. Mota ya magetsi sipsereza mafuta, ndiye mphamvu imene yanyamuka nayo pansi imafika nayo pansonga.

Musanalembe nthawi ya chaka chilichonse, onetsetsani ngati anakwera msewu wonse. Pamwamba pamatha kugwa matalala kapena chifunga ngakhale m'nyengo yotentha, ndipo zikatero amafupikitsa njira. Mudzaonanso kuti njinga zamoto zikusowa m'makanema a zaka zaposachedwa. Carlin Dunne, amene anapambanapo kanayi, katatu pa Ducati, anachita ngozi n'kumwalira atatsala pang'ono kufika pomalizira mu 2019, ndipo pambuyo pake okonza mpikisano anasiya kulola njinga. Ndikafika apa ndimaika foni pansi n'kuwauza anyamata mosapita m'mbali: tsiku la mpikisano msewu uja amautseka, ambulansi zimakhala zili chire. Msewu wokwera ku Zomba Plateau kapena wa ku Chikwawa mumadutsa amayi osenza nkhuni, ana asukulu ndi akabaza, ndipo galimoto ya kasitomala si yoyesera zimene mwaona pa YouTube.

Za bandulo, koperani makanemawo usiku pamene intaneti imatsikako mtengo, ndipo anayi akukwanirani: wa Mouton, wa Vatanen, wa Loeb ndi wa Dumas. Ife tikamaliza kuonera ndimatulutsa kabureta ya Datsun yakale imene ndimasunga mu kabati, n'kuyala majeti atatu pa benchi. Ndimafunsa mnyamata aliyense kuti akanakhala makaniko wa Rea Lentz m'mawa uja wa 1916 akanamanga iti, ndipo andiuze chifukwa chake asanagwire sipanala.