Kamvereni akustiki pamalo ang'onoang'ono, njira yake ndi iyi

Ambirife tinazolowera mashoo akuluakulu aja a masipika otalika ngati nyumba, koma ine ndikuuzeni, nyimbo ya akustiki, ija ya zida zosadalira magetsi, imakoma mukakhala pafupi, woimba ali pampando ndi gitala yake inu muli apa mpaka kumamva chala chikutsetsereka pa waya komanso mpweya wake akamapuma asanakweze mawu.

Poyamba ndi kudziwa kopita. Ku Blantyre yambani ndi Jacaranda Cultural Centre, kumakhala Sounds of Malawi Acoustic Session Lachinayi madzulo, koma muziyamba mwaona kaye pa Facebook pawo chifukwa pulogalamu imatha kusintha. Kwinako, malodge a kunyanja ndi tima cafe ta mtauni, nkhani imayenda pa status ya WhatsApp basi, nde tsatirani oimba eniakewo, ambiri alibe manejala, positala amapanga okha nkuika okha.

Fikani msanga ndithu. Mipando imakhala yochepa ndipo yakutsogolo ndi imene mukufuna. Kukakhala babatoni mpamene mungandimvetse, chija cha waya mmodzi, mtengo wautali ndi ng'oma ya chikopa kumunsi, chomwe amaimba Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi botolo dzanja lina kamtengo dzanja lina. Pa foni chimangomveka ngati besi wamba koma mukakhala pafupi chimagunda mchifuwa, mpando womwe kunjenjemera. A Madalitso Band aja akuzungulira ku Ulaya lero anayambira mmisewu ya Lilongwe anthu awiri basi, babatoni, gitala ndi ng'oma yoponda ndi phazi, nde woimba amene mukamuone pa kamalo kakang'onoko musamuderere.

Tsopano apa mpomwe pamandiwawa. Chonde nyimbo ikayamba siyani macheza. Malo oterewa mawu anu amamveka kuposa gitala, ndinakhalapo tsiku lina woimba akuimba nyimbo ya malemu mayi ake maso ali chotsinzina, kumbuyo tebulo lina likukangana za mpira mpaka mnyamatayo anaima kaye nkudikira, holo yonse zii, zinandikhudza kwambiri. Foni iikeni pa silent, kujambula jambulani pang'ono opanda flash kenako muibweze mthumba mumvere ndi makutu. Koma akakuponyerani kolasi muyankhe, mmanja muombe, kuvina ngati malo alipo vinani, nyimbo zathuzi nzolandizana. Magetsi akathima musathamangire kunja, gitala ya akustiki siidalira soketi ndipo nthawi zambiri mpamene zimafika pokoma.

Za ndalama tisanamizane. Yapakhomo lipirani osayamba zoti ndimadziwana ndi oimba, ndipo tengani ina yapadera yofupa chifukwa yapakhomo ija imagawidwa ndi eni malo, pomwe woimba wakwera minibasi ndi zida zake ndipo mawaya a gitala akaduka amagula yekha. Ngati mulibe kashi mufunseni nambala ya Airtel Money kapena Mpamba shoo ikatha, mumuuzenso nyimbo imene yakugwirani mtima, mkulu ngati a Giddes Chalamanda muwapatse moni mwaulemu ndi manja awiri osangothamangira selfie.

Pobwerera konzeranitu, minibasi usiku zimasowa, nde gwirizanani ndi wa taxi kapena wakabaza amene mumamudziwa musanalowe nkomwe, ndipo miyezi ya June ndi July tengani juzi poti malo ambiri amakhala apabwalo.