Mmene mungadziwire ngati sitima ya kumapeto kwa sabata yopita kugombe ingadzilipire

Sitima yapamtunda yotengera anthu kugombe la nyanja Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, m'nyengo yotentha yokha, imaoneka yosavuta kuiyambitsa. Njanji ilipo kale, anthu akutopa ndi mdipiti wa magalimoto pamsewu, ndiye chatsala n'chiyani? Ambiri amapunthwa pa chinthu chimodzi. Amaona khamu lodzaza pasiteshoni Lachisanu madzulo, n'kuiwala kuti sitima yomweyo ibwerera usiku womwewo ili pululu, koma dizilo ndi malipiro a antchito zikudyeka chimodzimodzi.

Yambani ndi mabogi, okwera abwere pambuyo

Funso loyamba ndi lakuti injini ndi mabogi zichokera kuti. Nyengo ya sitima yotere ndi yaifupi kwambiri. Ku United States, nyengo ya kugombe imayamba pa Memorial Day, Lolemba lomaliza la Meyi, n'kutha pa Labor Day, Lolemba loyamba la Seputembala. Ndi masabata pafupifupi 15. Masiku atatu pa sabata, ndiye kuti masiku 45 pa chaka. Bogi yogulidwa kuti izigwira ntchito masiku 45 pa masiku 365 singabweze ndalama zake, ngakhale itamadzaza mpaka pakhomo.

Choncho sitima zamtunduwu zimayenda bwino zikamabwereka zida zimene zimangokhala kumapeto kwa sabata. Ya CapeFLYER, imene inayamba mu 2013 kuyenda pakati pa Boston ndi Hyannis ku Cape Cod, dera la kugombe m'boma la Massachusetts, imagwiritsa ntchito injini ndi mabogi a MBTA, bungwe loyendetsa sitima ndi mabasi ku Boston. Mabogiwa ndi amene pakati pa sabata amanyamula anthu opita kuntchito. Yerekezani ndi Atlantic City Express Service, imene inayamba mu 2009 kuchokera ku New York mothandizidwa ndi makasino (nyumba za juga) a ku Atlantic City, mzinda wa kugombe kumene inkapita. Inali ndi mabogi akeake, inkapikisana ndi mabasi otsika mtengo, ndipo pofika 2012 inali itathetsedwa chifukwa chosapindula.

Koma kubwereka kulinso ndi misampha yake. Lachisanu madzulo, nthawi imene anthu akufuna kunyamuka, ndi nthawi yomweyo imene mabogiwo akubweza anthu kuchokera kuntchito. Ngati mulibe sitima yapadera, njira ina ndi kutalikitsa ulendo wa sitima ya tsiku ndi tsiku kuti ipitirire mpaka kugombe, koma pamenepo a tchuthi ndi zikwama zawo amalimbirana mipando ndi ochokera kuntchito. Komanso Loweruka ndi Lamulungu ndi masiku amene amakaniko amakonza mabogi ndiponso okonza njanji amatseka zigawo zina. Afunseni iwowa musanasindikize ndandanda ya maulendo. Ndipo muyang'ane mabogiwo ndi maso anu: bogi yopangidwira ulendo wa mphindi 40 nthawi zambiri ilibe malo okwanira a katundu, ndipo chimbudzi chimodzi sichikwanira mabanja a ana pa ulendo wa maola awiri ndi theka.

Msewu ukhale woipadi

Munthu wopita kutchuthi ndi banja amakonda galimoto, chifukwa amalonga zonse kamodzi n'kukatsikira pakhomo. Amasiya galimoto pokhapokha msewu ukamuzunza. Ku Cape Cod magalimoto onse amawoloka ngalande pa milatho iwiri yokha, wa Bourne ndi wa Sagamore, ndipo masiku a tchuthi mizere imatalika. Apo sitima ili ndi chonena. Kumene kuli misewu itatu inayi yotakasuka, sitima imangotenga amene alibe galimoto, ndipo amenewo mabasi amawatenga kale pa mtengo wotsika.

Musadalire nthawi yolembedwa pamapu. Tumani munthu ayendetse galimoto kuchokera pakati pa mzinda Lachisanu 4 koloko madzulo, abwerere Lamulungu nthawi ngati yomweyo, kwa masabata anayi kapena asanu pakati penipeni pa nyengo, azilemba nthawi yonyamuka ndi yofika. Mulembenso mtengo woimika galimoto kugombeko ndi kutalika kwa nthawi yofunafuna malo. Kenako werengani nthawi ya wokwera sitima kuyambira pakhomo pake mpaka pamalo ogona, osati siteshoni ndi siteshoni ayi. Sitima ikamachedwa kuposa galimoto ndi theka la ola pa tsiku loipitsitsa la msewu, anthu angapirire chifukwa akupuma. Ikapitirira ola, iwalani za oyendetsa galimoto.

Werengani ulendo uliwonse paokha

Apa ndi pamene mpofunika kudekha. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti njira yowerengera ioneke; inu muikepo anu.

Tinene kuti sitima ili ndi mabogi asanu a mipando 100, ndipo imapita ndi kubwera kamodzi pa tsiku, masiku atatu. Ndi maulendo 6 pa sabata, mipando 3,000. Lachisanu popita akwera 300, pobwera 20. Loweruka popita 200, pobwera 160. Lamulungu popita 60, pobwera 380. Onse pamodzi ndi 1,120, kutanthauza kuti mipando 37 yokha pa 100 iliyonse ndiyo inali ndi munthu, ngakhale Lamulungu madzulo sitima inaoneka yodzaza. Mabogi ochulukawo mumawafuna chifukwa cha ulendo umodzi wokha uja wa 380, koma mumawakoka maulendo onse asanu ndi limodzi.

Tsopano ndalama. Njira yabwino ndi kusandutsa zonse zimene ulendo umodzi umadya kukhala chiwerengero cha matikiti athunthu. Muphatikize dizilo, malipiro a woyendetsa ndi makondakitala pamodzi ndi ovataimu ya kumapeto kwa sabata, ndalama yolipira eni njanji, yobwerekera mabogi, inshulansi, otsuka mabogi, woyang'anira siteshoni ya kugombe, ndi zotsatsa malonda mutazigawa pa maulendo onse a nyengoyo. Tinene kuti zakwana matikiti 150 pa ulendo, ndiye 900 pa sabata. Poona anthu 1,120 mungaganize kuti mwapindula. Ayi. Ana ndi okalamba amalipira pang'ono, ena amakwerera panjira, ena agula tikiti yopita ndi kubwera yotsitsidwa mtengo. Ngati wokwera aliyense akubweretsa magawo atatu a magawo anayi a tikiti yathunthu, anthu 1,120 aja akufanana ndi matikiti 840. Mwaperewera ndi 60 pa sabata ya nyengo yabwino.

Ndiye pali mvula. Munthu amene analipira kale malo ogona amapitabe, koma wa tsiku limodzi amayang'ana kumwamba n'kukhala pakhomo. Pa masabata 15, atatu akagwa mvula okwera n'kuchepa ndi theka, mupeza matikiti 10,080 pa masabata 12 abwino ndi 1,260 pa atatu oipa, pamodzi 11,340, pamene zofunika ndi 13,500. Sitimayo yadzilipira 84 pa 100. Zotsalazo wina ayenera kuvomera kuzilipira nyengo isanayambe, kaya ndi boma la chigawo, khonsolo ya kugombeko kapena eni mahotela, ndipo pangano likhale lolembedwa. Chiwerengero chotere si choipa pa sitima yonyamula anthu, malinga aliyense akuchidziwa kuyambira pachiyambi.

Onaninso kuti pa masiku atatuwa, Loweruka ndilo limakhala ndi okwera ochuluka mbali zonse ziwiri, chifukwa anthu a tsiku limodzi amapita m'mawa n'kubwera madzulo. Ndalama zikachepa, tsiku loyamba kuliteteza ndi limeneli. Ulendo wobwerera wa Lachisanu usiku suchira, ngakhale mutatsitsa mtengo bwanji. Mungathe kugoneka sitima kugombeko, koma pafunika njanji yapambali yotetezeka, mlonda, magetsi ndi malo ogona antchito, ndipo m'mawa mwake sitima ikhala ili kolakwika pamene anthu a Loweruka akuidikira mumzinda.

Pa zimene mwawerengazi musasakanizemo ndalama zokonzera njanji ndi kumanga mapulatifomu. Zimenezo zilembeni padera. Matikiti a masiku 45 sangazilipire, ndipo zimakhala zomveka pokhapokha njanjiyo ikugwiranso ntchito ina, monga ya katundu.

Njanji yeniyeniyo

Njanji zambiri zopita kugombe ndi nthambi zakale, za mzere umodzi. Ya ku Newquay ku Cornwall, m'dziko la England, yochokera pa Par, ndi yotero, monganso chigawo chakum'mawa cha njanji ya ku Montauk pa chilumba cha Long Island ku New York. Pa mzere umodzi sitima zimadutsana pa malo ochepa okha pamene pali njanji yopatukira, choncho imodzi ikachedwa mphindi 20 inzake imaima kuidikira. Jambulani papepala pamene sitima iliyonse idzakhale mphindi iliyonse, kuphatikizapo za katundu, muone pokumana.

Liwiro lololedwa limatengera mmene njanji ilili. Mtunda wa makilomita 125 pa liwiro la 50 pa ola ndi maola awiri ndi theka. Pa 80 ndi ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 35. Kawirikawiri vuto silikhala njanji yonse koma chigawo chomaliza chakufupi ndi gombe, chimene chinasiyidwa zaka zambiri. Kusintha matabwa ogonekapo njanji amene anawola ndi kuthira miyala yatsopano pa makilomita ochepa amenewo kumapulumutsa nthawi yambiri kuposa kuthamangitsa sitima pamene ikuthamanga kale. Pamene njanji yadutsa msewu, fufuzani ngati mabelu ndi zotchinga zikugwira. Anthu a m'deralo anazolowera kuti sitima siidutsa, ndipo alendo sadziwa n'komwe kuti pali njanji.

Kugombe kumakhalanso milatho yotseguka. Wa njanji wa pa Cape Cod Canal, womangidwa mu 1935, umakhala wokwezedwa kuti sitima zapamadzi zidutse, ndipo umatsitsidwa sitima yapamtunda ikafika. Pamalo otere nthawi ya sitima yanu simuikonza nokha.

Nthawi yonyamuka ndi potsikira

Lachisanu sitima ikanyamuka molawirira, ogwira ntchito aiphonya. Ikachedwa, okwera afika usiku mabasi a kugombeko ataweruka. Werengani chobwerera m'mbuyo: yambani ndi nthawi ya basi yomaliza ndi sitima yapamadzi yomaliza, chotsanipo mphindi 30 za kuchedwa, ndipo mupeza nthawi yofikira. Ku Hyannis kumanyamukira sitima zapamadzi zopita ku chilumba cha Nantucket, ndiye sitima yapamtunda yofika zimenezo zitapita imataya gulu lonse la okwera. Loweruka anthu a tsiku limodzi amafuna maola asanu kapena asanu ndi limodzi pagombe, apo ayi saona chifukwa chokhalira m'sitima maola asanu. Kumbukiraninso kuti antchito ali ndi malire a maola ogwira ntchito mwalamulo. Sitima ikamadikira tsiku lonse kugombe, mwina mufunika gulu lachiwiri la antchito, ndipo matikiti 150 aja akwera.

Masiteshoni oima panjira achepetseni. Sitima yotchedwa Cannonball, ya kampani ya Long Island Rail Road, yonyamuka ku New York Lachisanu madzulo kupita ku Hamptons ndi Montauk, imatchuka chifukwa chodumpha masiteshoni ambiri. Imodzi yoyenera kuimapo ndi ya kunja kwa mzinda pafupi ndi msewu waukulu, yokhala ndi malo oimika galimoto usiku wonse.

Potsikira ndi pamene sitima zambiri zimafera. Munthu watsika ndi zikwama ziwiri, mpando wopinda ndi mwana wogona paphewa, gombe lili makilomita asanu. Akapanda kupeza basi itaima pakhomo la siteshoni, ulendo wina abwera pa galimoto, ndipo auzanso anzake. Basi idikire sitima ngakhale itachedwa, ndipo ngati n'kotheka tikiti ikhale imodzi. Njinga zimathandiza kwambiri: CapeFLYER ili ndi bogi ya njinga, chifukwa wokwera njinga safuna basi. Malo a njinga akhale ndi chiwerengero chodziwika, kuti pasakhale mkangano papulatifomu Lamulungu madzulo.

Ngati sitima ya chaka chonse imadutsa kale pafupi ndi gombe, musayambitse ina. Sitima yotchedwa Downeaster, ya kampani ya Amtrak, imaima pa Old Orchard Beach m'boma la Maine ku United States m'nyengo yotentha yokha. Pamenepo chofunika ndi pulatifomu ndi mphindi zochepa zoima.

Zolemba m'nyengo yoyamba

Kondakitala alembe okwera ndi otsika pa siteshoni iliyonse, ulendo uliwonse, pamodzi ndi mmene kunja kunachera tsikulo ndi mphindi zimene sitima inachedwa. Okwera afunsidwe funso limodzi lalifupi: pakanapanda sitima mukanabwera pa chiyani? Amene akuti sakanabwera n'komwe ndi amene akuti akanayendetsa galimoto ndiwo umboni wopita nawo kwa othandiza ndi ndalama. Amene akuti akanakwera basi mwangowasamutsa.

Chaka choyamba chimanyenga, chifukwa ambiri amakwera kuti angoona chatsopano, ndipo nyuzipepala zimalengeza mwaulere. Chaka chachiwiri chiwerengero chikatsika musathamangire kutseka. Chachitatu ndicho chimaonetsa okwera enieni. Pangano la ndalama likhale la zaka zitatu, ndipo ndandanda ya maulendo ituluke miyezi ingapo nyengo isanafike, pamene anthu akusungitsa malo ogona. Pofuna kudula, yambani ndi masabata a kumapeto kwa nyengo sukulu zitatsegulidwa, kenako chepetsani mabogi a Lachisanu, ndipo Loweruka mulikhudze pomaliza.