Musanaike chojambula chanu pa Facebook

Anzanga ojambula, chithunzi mukangomaliza kuchijambula, umwini wake ndi wanu, ngakhale simunakachilembetse kulikonse. Kuno ku Malawi lamulo la Copyright Act la 2016 limachiteteza mpaka zaka 50 inu mutamwalira. Povuta ndi pa umboni. Sungani zoyeserera zanu za pensulo ndi fayilo yaikulu, pa intaneti muziikapo kakang'ono kosatheka kusindikiza pamalaya. Siginecha ikhale mkati mwa chithunzi, chifukwa yapakona amangoidula.

Wogula chithunzi wagula chithunzicho basi, osati ufulu wochisindikiza pamakalendala. Akafuna zimenezo mulemberane, ndipo mtengo wake ndi wina. Mukapeza wina akugulitsa chojambula chanu popanda chilolezo chanu, tengani screenshot kaye musanamuyankhule, kenako kadandauleni ku Facebook kapena ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso kuno ku Malawi.