Kuphunzitsa Numeri 31 kwa achinyamata popanda kuwanamiza

Ngati mumaphunzitsa achinyamata za chiyero cha moyo, tsiku lina wina adzakutsegulirani Numeri 31. Masiku ano sachita kufufuza m'Baibulo. Ndimeyi imawapeza yokha pa WhatsApp, itatumizidwa ndi mnzawo amene anasiya tchalitchi, pansi pake atalemba kuti, "Mulungu wanu uja ndi ameneyu?" Ndipo funso lawo ndi lomveka: mwatiuza kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, nanga zinatheka bwanji kuti Mose alamule asilikali kupha akazi onse amene anagonapo ndi mwamuna, atsikana okha n'kuwasiya amoyo kuti akhale awo? Ine ndimaphunzitsa kalasi la achinyamata Loweruka masana, ndipo ndalemba izi kwa alangizi anzanga ndi akulu a mpingo amene funsoli limawatulutsa thukuta.

Yambani mwawerenga nokha kunyumba, mutu wonsewo pamodzi ndi mutu 25, chifukwa nkhani inayambira kumeneko. Ali ku Sitimu, amuna a Israele anayamba kugona ndi akazi a ku Mowabu ndi kugwadira Baala wa ku Peori. Mliri unapha anthu 24,000, ndipo unaleka Finehasi atabaya ndi mkondo Zimiri pamodzi ndi Kozibi, mwana wamkazi wa Zuri, mmodzi wa atsogoleri a Amidyani. Mutu 31 ndi nkhondo yobwezera zimenezo. Anapita amuna 12,000, napha mafumu asanu a Amidyani, Zuri uja ali m'gulu lomwelo, ndi Balamu yemwe. Pobwerera anatenga akazi ndi ana, Mose n'kupsa mtima. Pa ndime 17 ndi 18 pali lamulo lake lija, ndipo ana aamuna nawonso anaphedwa. Mukafika pa ndime 32 mpaka 35 werengani pang'onopang'ono: nkhosa 675,000, ng'ombe 72,000, abulu 61,000, atsikana 32,000. Atsikana awerengedwa pamndandanda umodzi ndi abulu. Mukawerenga pamenepo mtima osakupwetekani, dikirani kaye, musanakaime pamaso pa ana a eni.

Kenako ganizirani amene akhale pamabenchi aja. Mwina pali mtsikana amene amalume ake anamuchita zoipa ndipo sanauzepo munthu. Mwina pali mnyamata amene agogo ake anathawa nkhondo ya ku Mozambique, kapena amene anakulira ku Dzaleka pakati pa anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Kwa amenewa nkhani ya akazi ogwidwa kunkhondo si yakale ayi. Ine ndimalengezeratu sabata yapita kuti tidzakamba nkhani yolemetsa, ndipo ndimapempha mayi mmodzi wachikulire wamumpingo kuti adzakhale nafe. Ndime 18 ndimawerenga ndekha. Musapatse mtsikana kuti awerenge mokweza, chifukwa pamzere wakumbuyo sipalephera anyamata awiri ogwedezana zigongono n'kumaseka chamumtima. Ana a Sande sukulu phunziroli si lawo.

Pali ulaliki wina umene ndinaumvapo pa chilangizo, ndipo ndikupemphani muutaye kutali. Umati, "Mwaona atsikana inu? Amene anadzisunga ndi amene anapulumuka." Limeneli ndi bodza lonenedwa Baibulo lili m'manja. Ambiri mwa akazi amene anaphedwa anali akazi apabanja, amayi a ana, ndipo kugona ndi mwamuna wako si chiwerewere. Makanda aamuna aja anachimwa chiyani? Atsikana amene anatsalawo sanalandire mphoto. Anaona makolo ndi alongo awo akuphedwa, iwo n'kugawidwa pakati pa anthu amene anawapha. Komanso ku Peori kuja amuna a Israele anapita ndi miyendo yawo, palibe anawanyamula. Mukalalikira motero, mtsikana amene anagwiriridwa uja amamva kuti iye ndi wa gulu loyenera kuphedwa, ndipo Loweruka linalo simudzamuonanso.

Ena amathawira kwina, amati atsikanawo anangotengedwa kukatunga madzi ndi kusinja. Mutu 31 sufotokoza zimene zinachitikira mtsikana aliyense, koma achinyamata si opusa, ndipo Deuteronomo 21:10-14 amanena poyera kuti msilikali ankatha kukwatira mkazi wogwidwa kunkhondo. Tsegulani pamenepo limodzi nawo. Ine ndimalemba mzere pakati pa bolodi ndi choko. Mbali imodzi timalemba zimene lamulolo likumanga nazo mwamuna. Sangamugwire kuthengo komweko nkhondo itangotha, ayenera kupita naye kunyumba. Mkaziyo amete tsitsi, awenge zikhadabo, avule zovala zimene anagwidwa nazo, alire bambo ake ndi mayi ake mwezi wathunthu, mwamunayo asanamukhudze. Akadzatopa naye amulole apite kumene akufuna, asamugulitse ndiponso asamuyese kapolo, popeza wamuchititsa manyazi. Mbali inayo timalemba zimene lamulolo silinamupatse mkaziyo, ndipo apa ndimakhala chete kuti anene okha. Sipatenga nthawi, mtsikana wina amati, "Aphunzitsi, sanamufunse ngati akufuna." Lembani zimenezo ndi zilembo zikuluzikulu, musamutsutse, chifukwa wanena zoona.

Mbali zonse ziwiri zikhale pabolodi mpaka phunziro lithe. Lamuloli linachepetsa nkhanza m'dziko limene wogonja analibe pomudandaulira, koma nkhanzayo silinaichotse. Apa m'pamene ndimawatengera ku Mateyu 19:8, pamene Yesu anati Mose analola kusudzulana chifukwa cha kuuma mtima kwa anthu, koma pachiyambi sizinali choncho. Auzeni moona kuti Yesu ankakamba za chisudzulo pamenepo, sankakamba za nkhondo. Komabe watiphunzitsa kawerengedwe: m'malamulo a Mose muli zina zimene zinaloledwa chifukwa mitima inali youma, ndipo chololedwa sichifanana ndi chimene Mulungu anakonza m'munda wa Edeni.

Mawu oti "Baibulo likungofotokoza zimene zinachitika, silikuvomereza" muziwagwiritsa ntchito pamalo pake. Pa Oweruza 21 amagwira bwino. Afuko la Benjamini anapatsidwa atsikana 400 a ku Yabesi-Giliyadi, ataperewera anakabisala m'minda ya mpesa n'kugwira atsikana amene ankavina ku Silo, ndipo bukulo limatseka ndi kunena kuti kunalibe mfumu, aliyense ankachita chomukomera. Wolemba sakuombera m'manja. Pa Oweruza 5:30 namonso, mawu oti msilikali aliyense akudzitengera mtsikana mmodzi kapena awiri akumveka kunyumba kwa Sisera, mdani, mayi ake atasuzumira pazenera kudikira mwana amene wafa kale. Koma pa Numeri 31 mawuwa sakwanira. Ndi zoona kuti lamulo la pa ndime 17 ndi 18 likutuluka m'kamwa mwa Mose, koma mutuwo ukuyamba ndi Yehova kulamula kubwezera, ndipo kuyambira ndime 25 ndi Yehova amene akunena kagawidwe ka zofunkha, anthu ali momwemo. Mwana wochenjera adzaziona zimenezi, choncho ndi bwino muzinene ndinu poyamba.

Auzeninso kuti si iwo oyamba kuvutika nazo. Mphunzitsi wina wakale, Marcion, anaganiza zotaya Chipangano Chakale chonse, mpingo wa ku Roma n'kumuchotsa cha m'chaka cha 144 AD. Origen wa ku Alexandria, mphunzitsi wina wa mpingo wakale, ankawerenga nkhondo zimenezi ngati chithunzi cha nkhondo ya Mkhristu yolimbana ndi uchimo. Ena amati chinali chiweruzo cha nthawi imodzi yokha, chosabwerezedwa. Akatswiri ena amati malipoti a nkhondo a nthawi imeneyo ankakokomeza, ndipo amaloza pa Oweruza 6, pamene Amidyani omwewo akubweranso ochuluka ngati dzombe m'masiku a Gideoni. Mayankho amenewa ndimawatchula mwachidule, osakhalitsapo. Kumene ine ndaima ndimawauza mosabisa: mutuwu sindiung'amba m'Baibulo, sindiukometsanso, ndimauwerenga nditayang'ana Yesu amene anadzudzula Yakobo ndi Yohane atafuna kuitanitsa moto pa mudzi wa Asamariya.

Musatseke Chipangano Chakale pa Numeri, chifukwa muli nkhani zina za ogwidwa kunkhondo zimene achinyamata ambiri sanazimvepo. Ndimakonda 2 Mbiri 28. Asilikali a Israele anagwira anthu 200,000 a ku Yuda, akazi ndi ana, akupita nawo ku Samariya. Mneneri Odedi anawachingamira nawauza kuti awabweze. Atsogoleri ena anatenga zovala pa zofunkha zomwezo n'kuveka amene anali maliseche, kuwapatsa nsapato, chakudya ndi chakumwa, kuwadzoza mafuta, ofooka kuwakweza pa abulu mpaka ku Yeriko kwa abale awo. Pa 2 Mafumu 6 mfumu inafunsa Elisa kawiri ngati iphe Aaramu ogwidwa, iye anati apatseni chakudya adye azipita. Pa mutu 5 kamtsikana kogwidwa ku Israele ndi kamene kanalozera Namani kochiritsidwa khate. Ndipo akumbutseni kuti Zipora, mkazi wa Mose mwiniwakeyo, anali Mmidyani. Pamenepa kalasi limangoti zii.

Tsopano m'pamene mungabwerere ku chiyero, koma taonani kumene chala chikuloza. Pa 1 Atesalonika 4, Paulo atanena zopewa dama, akuwonjeza kuti wina asalakwire mnzake kapena kumudyera masuku pamutu pa nkhani imeneyi. M'ndime zonse tawerengazi, wofunika kumangidwa manja ndi amene ali ndi mphamvu. Ndiye funsani anyamata mwachindunji: lero wogwidwa ndi ndani? Amatchula okha. Mtsikana wantchito amene bambo wa panyumba amamugogodera chitseko usiku mayi ali kumaliro. Wophunzira amene mphunzitsi wamuuza kuti malikisi ali m'manja mwake. Mayi wogula usipa kunyanja amene msodzi wamuuza kuti ndalama zokha sizikwana. Mtsikana wa zaka 15 wokwatiwitsidwa chifukwa kunyumba chimanga chatha, chikhalirecho malamulo a dziko lino, kuyambira pamene anasintha mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Zaka zonsezi chilangizo chathu chakhala chikulemera pa kutalika kwa siketi, amuna amphamvu aja akukhala pabenchi lakutsogolo.

Mukatseka ndi pemphero musathamangire kunyumba. Chedwani dala, muzifufuta bolodi ndi kusonkhanitsa mabuku a nyimbo, mayi uja akhale chapakhomo. Wina akatsalira n'kuyamba kulankhula, mvetserani, musamufunse chimene anavala kapena chifukwa chake sanakuwe. Musamulonjeze kuti zithera pomwepo, ndipo musazitengere ku bwalo la mpingo kuti akakhululukirane ndi amene anamulakwira. Ngati ndi mwana, nambala ya foni yothandiza ana, 116, ndi yaulere, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya Victim Support Unit. Ngati zachitika kumene, apite kuchipatala maola 72 asanathe kuti akalandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo mayi uja amuperekeze.